Boti la faiba lija labwerera pamadzi, koma nyenyezi imodzi ndawamana dala

Anthu angapo mwakhala mukundifunsa kuti boti la malemu bambo lija tinakakonzetsa kuti, poti ena munaliona litagona chafufumimba pamchenga miyezi inayi yathunthu ana akuseweramo chibisalirano, nde lero ndati ndingolemba zonse kamodzi mmalo moyankha mmodzimmodzi. Dzina la malowo sinditchula, pali china chake chinandinyansa kumeneko ndipo sindikufuna mdala mwini malowo azikati aphunzitsi andiyalutsa pagulu, koma wa ku Senga Bay aliyense akuidziwa shedi ndikunenayi, fungo lake lokha limakulondolera njira. Nyenyezi ndapereka zinayi pa zisanu. Imodziyo ndaibweza dala ndipo ndifotokoza.

Botili ndi la faiba, bambo anagula kwa mzungu wina wa loji amene ankatseka bizinesi, kalekale ine ndili ku pulayimale. Panopa amayenda nalo ndi achimwene, kunyamula alendo ofuna kuzungulira ku Namalenje ndi ena okawedza ndi mbedza. Mu Julayi mwera unawapeza akubwerera nkuwakankhira pamwala, pansi panachita mng'alu wotalika ngati kuchoka pachigongono changa kufika kuzala, nthiti imodzi yamkati nayo inathyoka. Anthu onse anatuluka amoyo, Mulungu ndi wabwino, koma boti linkamwa madzi kuposa mmene munthu angakapire.

Apa ndiyambe ndadziulula ndekha kkkk. Ine ndimaphunzitsa Chemistry ku sekondale, chaka chilichonse ndimaima kutsogolo kwa ana a Fomu 4 nkumawauza kusiyana kwa thermoplastic ndi thermoset, koma achimwene atabwera ndi mnyamata uja amawotcherera ndowa ndi mabeseni pamsika, ndinangoima poteropo manja mchiuno nkumati mwina zitheka. Anakoleza mbaula, kuika chitsulo chake chija mpaka kufiira, kudula kachidutswa ka beseni lakale kuti amatire. Beseni linasungunuka bwinobwino. Boti ayi. Linangoda bii, kununkha, tiulusi toyera tija kuyamba kutuluka ngati ndevu, ndipo chigamba chake titangochikoka ndi chala chinamatuka chonse. Tinamulipirabe ya sopo poti anavutika.

Kwa amene munathawa Chemistry, nkhani yake ili ngati ya njerwa. Zidina ukaziviika mmadzi zimabwerera kukhala dothi, uumbanso zina. Ndowa, chigubu, botolo la madzi zili choncho, amenewa ndiwo ma thermoplastic, moto ukazifikira zimafewa nkuumbikanso. Koma njerwa ikalowa mu uvuni basi yapita, ungaiviike chaka chonse siibwerera, ungathe kungoiphwanya. Rezini ya faiba, guluu uja amauma gwa nkugwira ulusi wagalasi pamodzi, ndi njerwa yootcha imeneyo, ndiyo thermoset. Mkati mwake timaunyolo take tamangana mfundo mbali zonse ngati ukonde, pomwe mu ndowa timangogona moyandikana ngati zingwe zosamanga, nchifukwa chake ndowa imasungunuka koma boti limangopserera. Zimenezi si zalero, Leo Baekeland anapanga Bakelite mu 1907, ija ya zogwirira mapoto ndi mapulagi akale akuda aja, ndipo mbale za melamine zomwe timadyera pa ukwati nazo ndi gulu lomwelo. Kulimba kwake nkomweko, vuto lake nkomwekonso.

Nde mu Novembala tinasonkherana ndalama nkulikweza pa lole kupita ku shedi. Mwini wake ndi bambo wachikulire ndithu, anakhalako ku Durban zaka zambiri akugwira ntchito kokonza maboti, ali ndi anyamata atatu. Chinthu choyamba chimene chinandipatsa chikhulupiriro nchoti sanathamangire kutchula mtengo. Anatenga kandalama kachitsulo nkumagogoda pansi pa boti ponseponse khutu ali tcheru, pena pakulira kuti ngwe ngwe pena pakuti phu phu, akumalemba ndi choko. Malo amene anazunguliza ndi choko anali aakulu pafupifupi katatu kuposa mng'alu tinkauona ife. Anati "aphunzitsi, chilonda chenicheni chili mkati, apa faiba yalekana ngati masamba a kabichi, ndikangomata pamwamba mubweranso mwera ukubwerawu mukulira." Achimwene anaona ngati akufuna kukweza mtengo koma atapala ndi girayinda tinadzionera tokha, mkatimo munali moyera mbuu komanso monyowa.

Kenako analisiya padzuwa sabata yathunthu osaligwira. Ine ndinapsa mtima, ndinaimba foni kawiri, yankho lake linali limodzimodzi loti rezini ndi madzi ndi mphaka ndi galu, faiba yonyowa ukaimata chigamba chimadzasendeka. Pamenepo anali olondola ndipo ndikuvomera.

Tsiku lomata anandiuza kuti ngati ndikufuna kuonerera ndifike 5 koloko mmawa. Ndinadabwa koma chifukwa chake nchomveka, kutentha kwa ku Salima mu Novembala mukukudziwa, rezini ukaisakaniza ndi hadina, mankhwala oiumitsa, masana imagwirana usanamalize nkomwe kupaka. Anali atapala kale mmbali mwa bowo motsetsereka, osati modula ngati khoma ayi, motambalala ndithu kuti chigamba chikhale ndi pogwira pambiri. Anapukuta ndi asetoni, kudula mati, ija nsalu ya ulusi wagalasi yooneka ngati thonje lopsinjidwa, zidutswa zosiyana kukula, nkumayala chimodzi, kunyowetsa ndi burashi, kugubuduza karola kachitsulo mpaka timathovu tonse ta mpweya titatha, kenako china pamwamba, kenako china. Hadina sankathira mwa diso ngati mchere wa ndiwo, ankayeza ndi jekeseni, pa rezini ya lita imodzi mamililita 10 okha chifukwa cha kutenthako, akuti nthawi yozizira mu Juni amafika mpaka 20. Nthiti yothyoka ija anaichotsa nkuumba ina pomwepo. Ine ngati munthu wa mulabu ndinasangalala kuona munthu akulemekeza muyezo chonchi, ana anga a sukulu akanaona mwina akanasiya kuthira zinthu mwachisawawa.

Tsopano apa ndi pamene panandikomera kwambiri. Mchitini munatsala rezini pang'ono yosakaniza kale, patapita kanthawi mdala uja anati "aphunzitsi tagwirani chitinichi." Ndinachitaya pansi, chinali chikuotcha ngati chachokera pamoto, kautsi kakutuluka. Anaseka nkunena kuti "mwaona, mankhwalawa amadziphika okha, ine a ESCOM akazimitsa sindidandaula." Ndipo nzoona, pa ntchito yonse ija magetsi anangofunika pa girayinda basi, kajenereta kakang'ono kanalira mwina maola awiri atatu, zina zonse manja ndi kutentha kochokera mu rezini momwemo pamene mfundo zija zikumangana.

Ndinayesa kuwafotokozera kuti chimene akuchiseka chija anthu ophunzira kunjaku chikuwasowetsa tulo. Ndege ngati Boeing 787, zija Ethiopian Airlines ili nazo, theka la kulemera kwake ndi zinthu za mtundu womwewu, kungoti mmalo mwa ulusi wagalasi amaika wa carbon ndipo rezini yake ndi epoxy. Koma yawoyo siuma ndi dzuwa la ku Salima, amailowetsa mu uvuni waukulu ngati nyumba wotchedwa autoclave, kutentha cha mma 180 digiri kwa maola ambiri, ndipo uvuni wonsewo uyenera kutentha ngakhale chimene ukuumitsacho chikhale chopyapyala. Ofufuza a University of Illinois ku America anawerengera kuti kuumitsa chigawo chimodzi chokha cha ndege yaikulu kumatha kudya mayunitsi a magetsi opitirira 96,000, tangoganizani inu amene mumagula mayunitsi 50 nkumazimitsa mababu kuti afike kumapeto a mwezi. Nde mu 2018 gulu la Scott White, Nancy Sottos ndi Jeffrey Moore linatulutsa njira ina, amatenga rezini yotchedwa DCPD, kuinyowetsa pa nsalu ya carbon, kenako kungogunda pakona ndi kachitsulo kotentha ka owotcherera mawayilesi. Pogundidwapo pamayamba kuuma nkutulutsa kutentha, kutenthako kumayatsa poyandikana, napo nkuyatsa patsogolo, zikumayenda zokha ngati moto wa lupsa pa tchire mpaka chinthu chonse chitauma mu mphindi zochepa, uvuni osafunika. Mdala anamvetsera mpaka kumapeto nkungoti "nde azungu angotulukira chitini changachi?" Sizofanana kwenikweni, yawo ija imadikira mpaka uiyatse pomwe yathuyi ikangolawa hadina yayambapo, koma sindinawatsutse, mfundo yake anaigwira.

Pamwamba anamaliza ndi jelikoti, rezini yamtundu yopaka kunja ngati penti, kukwecha ndi sandipepa wa madzi mpaka see. Mtundu sunafanane, boti lathu linayera mofuwirira ndi dzuwa la zaka zonsezi nde chigamba chikuoneka ngati dzino limodzi latsopano mkamwa mwa agogo, koma chili pansi pamadzi, amachiona ndi nsomba zokha.

Tsopano nyenyezi ndawamana ija.

Anyamata ake akupala faiba opanda masiki. Mmodzi anangomanga kampango kumphuno, wina osamanga kalikonse, mutu wonse uli mbuu ngati wachokera kuchigayo, ndipo fumbi limenelo si ufa ayi, ndi tigalasi ting'onoting'ono. Ine ndinangoima chapatali koma ndinakanda mikono masiku awiri. Hadina ija ikagwera mmaso imatha kuchititsa khungu, magalasi oteteza anali amodzi okha ndipo anali pamphumi pa bwana. Fungo lokoma ngati penti lija anthu amati ndi fungo la ntchito ndi styrene, mu shedi ya malata yotentha mutu umayamba kuwawa usanathe ola. Ndinawauza, anati masiki amagula koma anyamata amavula akuti akubanika. Mwina. Koma bwana ndi bwana, akafuna kuti chinthu chichitike pa shedi pake chimachitika, ndinaona mmene amakalipira mnyamata akasiya thovu limodzi mu chigamba.

Chimene chinandipweteka zedi ndi kuseli. Ndinapita kukafuna pokhala pamthunzi nkupeza dzenje, mmenemo muli zodula za mati, maburashi ouma gwa, zitini, zidutswa za maboti, zonse zikunyeka pang'onopang'ono, utsi wakuda wamafuta ukulowera kumene amayi ayanika usipa pa thandala. Ndipo moto ukazima galasi silipsa, limatsala phulusa la tiulusi lomwe mvula yoyamba imakokolola, ndipo pa Senga Bay madzi onse okokoloka mukudziwa kumene amathera. Fumbi la girayinda nalo amangosesera panja pamchenga. Ku England ofufuza a University of Brighton anapeza tizidutswa ta faiba mmatupi mwa nkhono za mnyanja zomwe anthu amadya, ku Chichester Harbour, dera lodzaza ndi maboti ndi malo okonzera maboti. Ife chambo ndi kampango timadya ochokera pomwepa.

Ndinawafunsa mwaulemu ndithu, ndinati bambo, zotsalazi simungazisunge pena mmalo mootcha? Anandiyang'ana nkundibwezera funso, "ndisunge mpaka liti mayi, abwera kudzatenga ndani?" Ndinasowa chonena. Ogula zitsulo zakale amazungulira ndi sikelo zawo tsiku ndi tsiku, mabotolo ndi zigubu ziliko zina zimapeza ogula, koma faiba palibe amaifuna ngakhale yaulere poti siisungunuka. Dziko lathu mkangano wa mapulasitiki unathera pa majumbo opyapyala aja osafika ma micron 60, analetsa mu 2015, makampani nkuthamangira kukhoti, khoti lalikulu nkudzagamula mu 2019, kukokanakokana nkupitirirabe kwa zaka zingapo, nde za faiba ndani angaziganize.

Komanso tisamuweruze kwambiri mdalayu ngati kuti olemera anaipeza kale nzeru. Mu 2020 zithunzi za ku Casper, Wyoming, zinazungulira dziko lonse, mapiko a makina opanga magetsi ndi mphepo mazanamazana, atawadula nkuwandandalika mdzenje, mathirakitala akukwirira ndi dothi. Mapiko amenewo ndi faiba yomweyi, azibale ake a boti la bambo. Ku Germany ena amawagaya nkukawaponya mu uvuni wa simenti ku Lägerdorf, rezini imayaka ngati nkhuni mmalo mwa malasha, galasi nkulowa mu simentiyo mmalo mwa mchenga. Nkuotchabe ndithu, kungoti ndi moto woopsa wa mu fakitale osati wa mdzenje kuseli kwa shedi. Ndikamva zimenezi ndimaganiza za mafakitale athu a simenti a ku Kasungu ndi ku Mangochi, koma ndani angatume lole kuchoka ku Senga Bay chifukwa cha matumba asanu a zinyalala. Ku France kuyambira 2019 kuli bungwe la APER lomwe limalandira maboti akale nkuwaphwasula mwini wake osalipira kuphwasulako. Ku Cork, ku Ireland, anangotenga mapiko awiri nkumangira kamlatho ka oyenda pansi ndi njinga mu 2022.

Njira imene imandisangalatsa ine monga wa Chemistry ndi yosintha rezini yeniyeniyo kuti mfundo zija zizitha kumasulika. Ludwik Leibler ndi anzake ku Paris mu 2011 anapanga zotchedwa vitrimer, zolimba ngati thermoset koma ukazitenthetsa mfundo zimasinthana malo, chinthu nkupindika kapena kumatikanso, titi njerwa yootcha yovomera kuumbidwanso. Siemens Gamesa mu 2021 inatulutsa mapiko omwe akatha ntchito umawaviika mu asidi wofatsa wotenthetsa pang'ono, rezini nkulekana ndi ulusi, ndipo oyamba anawamangirira pa nyanja ku Kaskasi ku Germany mu 2022. Vestas ya ku Denmark nayo mu 2023 inalengeza kuti yapeza mankhwala ophwasula epoxy wamba, ngakhale wa mapiko akale. Zonsezi nzabwino, koma zikuthamangira mapiko ndi ndege komwe kuli ndalama, rezini ya polyester yotchipa yomwe ili mu boti lathu ndi mmabafa ndi mmakanope a mapikapu ili kumapeto kwa mzere, ndipo pa shedi ya ku Salima idzafika mochedwa kuposa pena paliponse.

Chondidabwitsa nchoti mdala yemweyu, amene akuotcha zinyalala kuseli, mbali ina akuchita kale zomwe a ku Cork akutamandidwa nazo, kungoti iye sazitchula ndi dzina la chizungu. Pali maboti awiri akufa pa shedipo omwe amadulako zigamba ndi mipando. Denga la khola la nkhuku zake ndi mbali ya boti. Momwera mbuzi ndi mphuno ya boti. Fumbi lina la girayinda amaliwola nkusakaniza ndi rezini kupanga phala lotsekera maenje ang'onoang'ono, mmalo mogula paudala wa kusitolo. Ndi nzeru yomwe ija ya matayala, nawonso sasungunuka, koma timadula malegeni ndi nkhwaila mpaka tayala kutheratu. Nde munthu woti nzeru zotere ali nazo, dzenje lija limandinyansa kawiri, chifukwa ndikudziwa kuti atafuna akhoza kuchepetsa zootchazo ndi theka, zotsalazo nkuzitsekera mmatumba kapena kuziponya mu konkire ya maziko anthu akamamanga.

Za mtengo, nambala sindilemba, ndi kwacha yathuyi mtengo wa Novembala pofika lero ndi nthano, rezini ndi mati zonse zimachokera kunja nde dola ikangotsokomola iwonso akweza. Ndingoti tinalipira ndalama yosafika theka la boti lamatabwa latsopano la saizi yomweyo, ndipo anatilola kupereka kawiri. Analonjeza masabata awiri zinatenga asanu, sabata imodzi yoyanika ija, ena awiri kudikira rezini kuchokera ku Lilongwe poti imene anali nayo inali itayamba kulemera ngati uchi ndipo anakana kuigwiritsa ntchito pa boti lonyamula anthu. Kuchedwako kunatipweteka, achimwene anataya alendo angapo, koma bola kuchedwa kotero kusiyana nkumatiridwa ndi rezini yakufa. Mukapita kulikonse kokonzetsa faiba pemphani muione rezini ikuthiridwa, izikhala yoyenda bwino, yopanda zibuma. Kungoti akanatha kutiuza poyamba pomwe kuti katundu alibe, mmalo momangoti mawa, mawa.

China chimene ndinawakondera, ndili pomwepo kunabwera bambo wina ndi thanki ya madzi yobiriwira ija yapulasitiki, yong'ambika mmunsi, akufuna amumatire ndi faiba. Mdala anakana ndalama ili mmanja, anati rezini pa pulasitiki ameneyo siigwira, imasendeka ngati khungu la njoka, pitani kwa owotcherera. Ndinaseka ndekha chifukwa ndi nkhani yathu ija koma motembenuza, mnyamata wa mbaula uja thanki imeneyi akanaikonza bwinobwino. Amakonzanso makanope, mabampa a faiba, mabafa ndi makula bokosi akuluakulu a ogulitsa nsomba, koma ine ndaona ndi maso ntchito ya boti yokha nde ndisawachitire umboni pa zinazo.

Pano boti latha miyezi itatu pamadzi, lakumanapo ndi mafunde a mvula kangapo, achimwene akuti mkati mouma ngati mthumba mwawo pa 20. Ndinalowa ndekha pansi ndi kandalama kanga kugogoda monga ndinaonera, paliponse ngwe ngwe. Mayeso enieni ndi mwera wa Juni ndi Julayi, ukadutsa ndidzanena.

Chibuma cha rezini chinaumira mchitini chija ndinapempha, ndinapita nacho ku kalasi, ndinachiponya mmadzi owira limodzi ndi botolo lapulasitiki, botolo linakwinyika pomwepo chibuma chili phee, ana anamvetsa mu mphindi ziwiri zimene ndakhala ndikulephera kuwafotokozera ndi choko zaka zonsezi. Zodula ndi fumbi zochokera pa boti lathu ndinakana kuti zipite kudzenje, ndinawauza anyamata andiwolere mthumba la feteleza, anandiyang'ana ngati wamisala koma anawola. Thumbalo lili kuseli kwa khitchini mpaka lero, lomanga pakamwa ndi legeni, mayi tsiku lililonse akusesa amandifunsa kuti kodi katundu wako wa mtengo wapataliyu ukupita naye liti, ine ndimangoti achimwene akayamba maziko a nyumba yawo tidzathira mmenemo, ndipo achimwenewo njerwa sanaumbe nkomwe.